Ku Boma popanda wodwala

Kuno ku Nkhudzi munthu akanena kuti mawa alawirira ku Boma, funso loyamba limene amalandira ndi lakuti, "Akudwala ndani?" Akati kulibe matenda, timaganiza za mlandu, za chiphaso cha unzika, kapena za ndalama zimene mwana watumiza kuchokera ku Joni. Koma angoyerekeza kunena kuti akupita ndi banja lake kukaona malo, anthu amayang'anana, ndipo akangopotoloka pamamveka mawu akuti ndalama zamuyabwa. Kwa ife ulendo umafuna chifukwa, ndipo chifukwacho nthawi zambiri chimakhala chowawa. Ndiye ana athu ambiri tauni ya Mangochi amaidziwa ndi fungo la mankhwala ndi mabenchi odikirira adokotala. Mlatho wa pa Shire, ngati anauona, anauonera patali ali kumsana kwa amayi awo, thupi likutentha.

Pamene ife tikutero, mumsewu wathu womwewu wa M10 mumadutsa alendo ochokera ku Ulaya amene alipira ndege kuti adzaone nyanja imene ife timachapiramo zovala. Khalidwe limeneli sayambira kuno ayi, kwawo komwe amatero. Titenge London, likulu la dziko la Britain. Munthu wokaona mzindawu kwa tsiku limodzi amavala nsapato zofewa, kutenga botolo la madzi, n'kuyamba ulendo wapansi. Amaima pa mlatho wa Westminster kuyang'ana mtsinje wa Thames. Pambali pa mlathowo pali nsanja ya wotchi yotalika mamita 96, imene anthu amangoitcha Big Ben, ngakhale dzinalo kwenikweni ndi la belu lalikulu limene lili m'katimo. Wotchiyo inayamba kuyenda mu 1859, chaka chomwe David Livingstone anafika pa nyanja yathuyi. Akayenda pang'ono amalowa m'tchalitchi chakale cha Westminster Abbey, momwe muli manda a mafumu awo ndiponso a Livingstone yemweyo, amene thupi lake linaikidwa mmenemo mu 1874, mtima wake utatsala kwa Chitambo ku Zambia. Masana amakathera ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene kulowa n'kwaulere. Dzuwa likamalowa miyendo yatopa, ndipo tikawerenga zimene waona ndi izi: mlatho, wotchi, chikumbutso cha akufa ndi zinthu zakale.

Zinayi zonsezi ku Mangochi ziliko, ndipo zaunjikana pamalo amodzi oti ngakhale agogo a ndodo angathe kuzungulira. N'zazing'ono poyerekeza ndi za ku London, sitikukana. Koma nkhani zake ndi za mtsinje wathu, nyanja yathu ndi makolo athu, ndipo kuchokera ku Nkhudzi ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi mmene minibasi ikuimira podikira anthu pa Makawa ndi pa Namiasi.

Tsiku lake lisankhidwe bwino. Popeza pali zolipira galimoto ndi zogulagula, uwu si ulendo wa pa Sabata. Tsiku loyamba ndi labwino kwa ogwira ntchito, koma labwino koposa ndi la pakati pa mlungu ana ali pa tchuthi, pamene maofesi ndi otsegula. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yoyenda bwino. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Mangochi silicheza, ndipo mwana amene mwamuyendetsa masana a miyezi imeneyo chimene adzakumbuke ndi ludzu lokha. Nyamukani mbandakucha kuti nthawi ikamati 8 koloko mukhale mwafika.

Yambirani pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Kabaza musakwere. Muwoloke wapansi, ana mutawagwira dzanja, ndipo mukafika pakati imani. Ambiri timadutsa pamenepa tikuganiza za kumene tikupita, osadziwa kuti taima pamwamba pa khomo lokhalo la nyanja yonse ya Malawi. Mitsinje yothira m'nyanjayi ndi yambiri, Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru, Songwe ndi ina ya ku Tanzania, koma wotulutsa madzi ndi umodzi basi, Shire. Madzi amene akudutsa pansi pa mapazi anu akalowa m'nyanja ya Malombe, akadutsa pa Liwonde pamene pali zitseko zoyang'anira kayendedwe kake, n'kukazunguza makina amagetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenaka akathera mu Zambezi ku Mozambique. Muuzeni mwana kuti babu imene imayaka kusukulu kwawo ikudalira madzi amenewa, muone mmene ayang'anirenso mtsinjewo kachiwiri.

Muuzeninso ichi, chimene ngakhale akuluakulu ena sakhulupirira: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi bango zinatseka njira, ndipo Shire analeka kutulutsa madzi a m'nyanja. Ife amene mu 2024 tinaona madzi akulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe lathuli timaganiza kuti nyanja imangodziwa kukwera. Imadziwanso kuthawa. Ana amene adzamange nyumba m'mphepete mwa nyanjayi ayenera kumva mbali zonse ziwiri.

Kutsikira m'madzi ayi, ngakhale kukasamba m'manja. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo tauni siziopa.

Mukabwerera kutsidya la tauni, pafupi pomwepo pali nsanja ya wotchi ya njerwa. Inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inamwalira mu 1901. Apa ndi pamene makolo ena amakwinya nkhope. Amati, "Tiwaonetse ana chipilala cha mfumukazi imene sinapondepo phazi m'dziko muno?" Funsoli ndi lomveka, koma ife tikuti aonetseni, ndipo muwauze nkhani yonse osadula. Tauniyi inayamba ngati linga la asilikali mu 1891, lotchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene anali mkulu wa boma la atsamunda. Analiika kufupi ndi kwa Mponda chifukwa magulu a akapolo ankawolokera chigawo chimenechi popita kugombe la nyanja yamchere. Panali nkhondo ndi mafumu monga Makanjira ndi Jalasi, ndipo malonda a anthu anatha. Ichi chinali chabwino, ndipo wotsutsa palibe. Koma boma lomwelo linadzabweretsa msonkho wa nyumba, linagawira azungu minda, ndipo makolo athu analowa thangata. Mwana wa Sitandade 7 angathe kusunga zonsezi m'mutu mwake popanda kusokonezeka. Ndipo nkhani ya akapolo isakhale ndodo yokwapulira anzathu amene tikukhala nawo mudzi umodzi. Malonda amenewo analowa m'mitundu yambiri, kuyambira kuno, kwa Jumbe ku Nkhotakota, mpaka kwa Mlozi ku Karonga. Mukamaliza, afunseni ana kuti njerwa za nsanjayi anaumba ndani, ndipo amene anaziumbawo anali kudya chiyani masana. Mayankho awo mudzaseka nawo, koma funsolo lidzawatsalira.

Anyamata nthawi zambiri sadikira kuti nkhani ya wotchi ithe, maso amakhala ali kale pa mzinga. Mfuti imeneyi inali pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kaputeni wake Edmund Rhoades analamulidwa kukaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda ikukonzedwa pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo anaiwombera n'kuilemaza. Nkhani imati kaputeni wa Chijeremani, Berndt, amene anali bwenzi lake la Rhoades, anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, chifukwa uthenga woti kuli nkhondo unali usanamufike. Anthu a mbiri amaiwerenga nkhondo yaing'onoyi pakati pa zoyambirira zenizeni za pamadzi mu nkhondo yonseyo, ndipo inachitikira pa nyanja imene ana athu amaweramo usipa.

Nkhaniyi ndi yoseketsa, ndipo sekani ndithu. Koma musachoke pa mzingawo musananene za tengatenga. Pa nkhondo imeneyo amuna ambirimbiri a m'dziko muno anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma. Tulutsani K500 kapena K2,000 m'thumba, muwaonetse nkhope yake muli chiimire pambali pa mfutiyo. Phunziro la mbiri limene kusukulu amaloweza kuti akhoze mayeso limalowa mosavuta dzanja likukhudza chitsulo.

Chachitatu pamalo omwewa ndi chaching'ono, ndipo ambiri amachidumpha: chikumbutso cha sitima ya Vipya. Pa 30 Julayi 1946 sitimayi inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto, kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anamira. Kwa ife a kugombe, apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa. Vipya inali yachitsulo, yatsopano, yopangidwa ku Scotland, koma nyanja inaimeza. Nanga bwato lathabwa limene tadzaza matumba a chimanga, njinga, nkhuni ndi anthu mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa? Tonse tikudziwa mmene zimakhalira pa doko: mwera ukuomba, mwini boti akuti "tiyeni tifika", ndipo aliyense akuchita manyazi kutsika. Mwana amene waima pa chikumbutsochi n'kuwerenga yekha nambala 145 adzakhala ndi chifukwa chokanira tsiku lina. Muuzeni mosapita m'mbali kuti kutsika m'boti lodzaza si mantha, ndipo jekete yoyandamitsa si ya azungu okha. Sitima ya Ilala, imene timaiona ku Monkey Bay, inabwera pambuyo pa ngozi imeneyi ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Agogo ambiri m'midzi yathu anaikwerapo ali anyamata, ndipo akafunsidwa nkhani zake sizitha.

Dzuwa likayamba kuluma, lowani m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili chapafupi pomwepo. Nyumbayi kale inali kalabu ya azungu. Lero aliyense amalowa atalipira kangachepe pakhomo. Muli mbiri ndi zithunzi za sitima zimene zinayenda pa nyanjayi, chifaniziro cha mbali ina ya Guendolen, ndi zipangizo zimene anthu a m'mbali mwa nyanja ankagwiritsa ntchito. Funsani kaye masiku ndi nthawi imene amatsegula musananyamuke kunyumba, safunsa anadya phula. Ndipo mukalowa musachite manyazi kufunsa wogwira ntchito mmenemo kuti akulongosolereni m'Chichewa kapena m'Chiyao. Chimene chimatisangalatsa ife m'nyumba zoterezi ndi kuona mwana wa msodzi akupeza chida chofanana ndi cha bambo ake chitaikidwa pamalo aulemu, chili ndi chikwangwani chake. Ana athu anazolowera kumva kuti usodzi ndi ntchito ya olephera sukulu. Tsiku limenelo amaona kuti pali anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kusunga ndi kufotokoza luso limenelo.

Za kamba tisataye nthawi, amayi akudziwa kale: mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza wokazinga, nthochi, chigumu, thobwa m'chigubu. Chachikulu ndi madzi. Tengani anuanu owiritsa kapena othira mankhwala, botolo la aliyense, ndi kasopo kosambira m'manja. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene boma la Mangochi linali m'gulu la maboma ovutika kwambiri. Madzi a m'timapepala ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi zakudya zokhalitsa padzuwa zisiyeni, ngakhale ana alire. Banja lobwera ndi kamba wake silivutikanso kufunsa kuti nsomba ya m'lesitilanti ndi chambo kapena mlamba. Pezani mthunzi, khalani pansi ola lathunthu, nsapato muvule. Amene ali ndi BP kapena shuga asaiwale mankhwala awo ndipo asadumphe chakudya. Zipewa za mlaza zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wathu womwewu, ndipo mwana wa khungu lachialubino asayende popanda chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta ake oteteza kudzuwa.

Mukawerengera bwino, kuchoka pa depoti, kuwoloka mlatho, kubwerera, kuzungulira pa wotchi ndi kukafika kumsika, mudzapeza kuti mwayenda wapansi ola limodzi kapena awiri osazindikira. Bungwe la zaumoyo la WHO limati wamkulu aziyendetsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo mwana mphindi 60 pa tsiku. Kwa alimi ndi asodzi izi si nkhani, thupi limagwira kale ntchito. Koma aphunzitsi, a m'mashopu ndi abambo amene chigulireni njinga yamoto anaiwala kuti miyendo ndi yoyendera, tsiku lotere limawaululira pamene afika.

Madzulo ndi a mumsika, kwa amene akufuna. Mangochi ndi tauni ya anthu osiyanasiyana, mzikiti waukulu uku, tchalitchi chachikulu cha Akatolika uko. Aphunzitseni ana kupereka moni m'Chiyao ndi kuyang'ana nyumba zopemphereramo anzathu mwaulemu, osaloza chala. Za zithunzi, foni ituluke pang'ono chabe. Taona alendo ena akuyenda tsiku lonse diso lili pa foni, malo enieniwo osawayang'ana, ndipo khalidwe limeneli layamba kulowa mwa achinyamata athu. Munthu musamujambule musanapemphe. Ife a ku Nkhudzi tikudziwa kuwawa kwake kujambulidwa ukuchapa pagombe ngati ndiwe mbalame. Pofika 3 koloko yambani kufuna galimoto, kuti mdima ukupezeni muli pakhomo.

Tikudziwa kuti nkhani yonseyi ikuima pa ndalama ya mayendedwe, ndipo masiku ano si yochepa. Banja la anthu asanu ndi mmodzi kupita ndi kubwera ndi mtengo woti munthu aganize kawiri. Koma tiyeni tinene zoona: pa maliro ndalama ya galimoto imapezeka tsiku lomwelo, pa chinkhoswe timasonkha miyezi itatu. Mabanja atatu kapena anayi atagwirizana, n'kumaika pang'onopang'ono ku banki m'khonde kuyambira nthawi yokolola, angathe kuchita hayala minibasi imodzi. Ngati zavuta, apite kholo limodzi ndi ana awiri okulirapo chaka chino, enawo chaka chamawa. Ndipo atsikana asatsale pakhomo kuti aziphikira otsala. Nthawi zambiri pa maulendo otere amene amasiyidwa ndi iwowo, pamodzi ndi amayi awo.

Ena adzafuna kuphatikiza Boma ndi Cape Maclear tsiku limodzi poti galimoto yalipiridwa kale. Musatero, mapanga awiri avumbwitsa. Malo awiriwa ali mbali zosiyana, Nkhudzi ali pakati, ndipo tsiku lidzathera pa mpando wa minibasi. Ku Chembe kukhale kwa tsiku lina. Kumeneko kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 ndi sitima yoyamba yotchedwa Ilala, malungo n'kuwasautsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Kuli Otter Point, kumene madzi ndi oyera moti mbuna zamitundumitundu zimaoneka uli chiimire pamwala. Nsomba zimenezi ndizo zinachititsa kuti malowa akhale Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Mmalawi amalipira zochepa pachipata kusiyana ndi mlendo wakunja. Ngati ana akasamba kumeneko, kumbukirani likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya. Ngakhale kwathu kuno liliko. Mwana akayamba kukodza magazi apite kuchipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo, ndipo akamagawa kusukulu musamuletse kumwa.

Ambiri a ife sitidziwanso kuti mapiri a Nkhudzi, amene timawaona m'mawa uliwonse, ndi gawo la paki yomweyo, pamodzi ndi chilumba cha Boadzulu chimene chimayera ndi zitosi za mbalame. Ndiye kuti tikukhala m'mphepete mwa malo amene ali m'kaundula umodzi ndi Westminster Abbey ija.

Pa ulendo wa ku Chembewo mupemphe dalaivala aime pa Mwala wa Mphini, m'mbali mwa msewu musanafike kumudzi. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yakuya ngati mphini za pankhope pa agogo akale. Akatswiri a miyala amati mizereyo inadza yokha, chifukwa cha kutentha, kuzizira ndi mvula ya zaka zosawerengeka. Anthu a m'deralo ali ndi nkhani zawo. Alekeni ana aupapase kaye ndi manja awo, anene maganizo awo, musanawauze za akatswiriwo. Kuswako kachidutswa kopita nako kunyumba ayi, mwalawu ndi wotetezedwa ndi boma.